Kusankha ndi Kukonzekeretsa Pikapu Yaikulu ya Petulo Yokokera Ngolo Zolemera

Kwa zaka zambiri, munthu wofuna galimoto yokoka ngolo yolemera ankauzidwa kuti agule ya dizilo, ndipo nkhani inkathera pomwepo. Zinthu zinasintha ndi magalimoto a chaka cha 2020, pamene makampani awiri a ku America anatulutsa injini zatsopano za petulo zopangidwira ntchito yolemetsa. Ford inaika injini ya V8 ya malita 7.3 m'magalimoto ake a Super Duty, monga F-250 ndi F-350, ndipo General Motors inaika ya malita 6.6 mu Chevrolet Silverado HD ndi GMC Sierra HD. Kampani ya Ram inali nayo kale injini ya petulo yotchedwa HEMI ya malita 6.4 mu Ram 2500 ndi 3500. Injini zimenezi zimakoka bwino ndithu, koma zimafuna mwini wake wodziwa kuwerengera katundu komanso wodziwa kuziyendetsa, chifukwa zilibe mphamvu yotsala yambiri yobisira zolakwa ngati mmene dizilo imachitira.

Yambani ndi ngolo, osati galimoto

Musanapite kukaona galimoto iliyonse, dziwani kulemera kwenikweni kwa ngolo imene mudzakoke. Nambala imene ogulitsa ngolo amakonda kutchula ndi ya ngolo yopanda kanthu, yomwe simudzayenda nayo pamsewu ngakhale tsiku limodzi. Ngolo yogonamo ikathiridwa madzi m'thanki, ikalongedzedwa zakudya, zofunda, mabatire ndi masilinda a gasi, imalemera kuposa mmene mwini wake amaganizira, pakuti lita imodzi yokha ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Ngati ngolo muli nayo kale, ipakireni monga mmene mumachitira pa ulendo weniweni ndipo mukaiyeze pa sikelo ya magalimoto akuluakulu. Ngati simunagule, gwiritsani ntchito nambala ya GVWR yolembedwa pa kachitsulo kapena kapepala komatidwa kutsogolo kwa ngoloyo, yomwe imasonyeza kulemera kwake konse kololedwa ikadzaza.

Kenaka pezani gawo la kulemerako limene lidzatsamira pa galimoto. Ngolo yokolekedwa kumbuyo, pansi pa bampala, iyenera kutsamiritsa pakati pa 10 ndi 15 peresenti ya kulemera kwake pa chokolekera. Ngolo yokolekedwa m'kati mwa bodi ya pikapu, pamwamba pa matayala akumbuyo, monga za mtundu wa fifth wheel ndi gooseneck, imatsamiritsa zambiri, kuyambira 15 kufika 25 peresenti. Lembani nambala imeneyi papepala, chifukwa ndi imene idzagamule galimoto yoti mugule.

Werengani zolembedwa pa chitseko

Pano ndi pamene anthu ambiri amapusitsika. M'mabuku otsatsa malonda mumalembedwa nambala yaikulu ya katundu amene galimoto ingakoke, koma nambalayo imakhala ya galimoto ya mtundu umodzi wokha, kawirikawiri yopepuka, yopanda zokometsera zambiri, yokhala ndi difu (magiya opatsira mphamvu ku matayala) yoyenera kukoka. Nambalazi si zabodza ayi. Zimapezeka potsatira muyeso wa SAE J2807, umene umaphatikiza kukwera chitunda cha Davis Dam ku Arizona m'dziko la America, mtunda wa makilomita pafupifupi 18, kunja kukutentha madigiri osachepera 38, choziziritsa mpweya chili choyatsa, ndipo galimoto ya tayala limodzi mbali iliyonse kumbuyo siyenera kutsika pansi pa liwiro la makilomita 64 pa ola. Koma muyesowu umawerengera kuti m'galimotomo muli anthu awiri okha, aliyense wolemera makilogalamu 68. Banja lanu, bokosi la zipangizo ndi katundu wa m'bodi mulibe m'chiwerengerocho.

Choncho tsegulani chitseko cha dalaivala cha galimoto yeniyeni imene mukufuna kugula, ndipo muone timapepala tomatidwa pa chipilala cha chitsekocho. Kamodzi, kamene nthawi zambiri kamakhala ndi mtundu wachikasu ndi woyera, kamanena kuti kulemera kwa anthu ndi katundu pamodzi kusapitirire nambala yakutiyakuti. Kena kamasonyeza GVWR, kulemera konse kololedwa kwa galimotoyo, ndi GAWR, kulemera kololedwa pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo paokhapaokha. Nambala ya GCWR, yomwe ndi kulemera kwa galimoto ndi ngolo zonse pamodzi, mudzaipeza m'buku la galimoto, ngakhale kuti magalimoto atsopano a General Motors amakhala nayo pa kapepala kena ka pachitseko pomwepo.

Tiyerekeze ndi manambala ongopangira chitsanzo. Kapepala kanena kuti galimoto inganyamule makilogalamu 1,500. Ngolo yanu ya fifth wheel ikadzaza imalemera makilogalamu 5,500, ndipo 20 peresenti yake ndi makilogalamu 1,100. Chitsulo chokolekera chimene mudzamange m'bodi chikulemera makilogalamu 90, anthu anayi akulemera 300, ndipo bokosi la zipangizo ndi 60. Mukaphatikiza mupeza 1,550. Galimotoyo yadzaza kupitirira malire, ngakhale kuti buku lotsatsa likunena kuti ingakoke ngolo yolemera kuposa yanuyo ndi matani awiri. Pa magalimoto a gulu la 250 kapena 2500, malire a katundu wonyamula ndi amene amafika msanga, malire a kukoka asanayandikire n'komwe. Zikatero, yankho si injini yamphamvu, koma galimoto ya gulu la 350 kapena 3500, mwinanso ya matayala awiri mbali iliyonse kumbuyo.

Sankhani pakati pa petulo ndi dizilo moona mtima

Ubwino woyamba wa injini ya petulo ukuonekera m'chiwerengero chomwechi. Injini ya dizilo pamodzi ndi zida zake zoyeretsera utsi imalemera kuposa ya petulo ndi makilogalamu mazana angapo, ndipo kulemera konseko kumadya gawo la katundu amene galimoto ikanatha kunyamula. N'chifukwa chake mukaika pamodzi magalimoto awiri ofanana, ya petulo kawirikawiri imakhala ndi nambala yaikulu pa kapepala kachikasu kaja. Ubwino wachiwiri ndi mtengo, pakuti ku America kusankha dizilo kumawonjezera madola pafupifupi 10,000 pa mtengo wa galimoto yatsopano. Wachitatu ndi kuphweka kwake. Injini zitatu zapetulozi zilibe turbo, sizifuna madzi a DEF amene dizilo yamakono imamwa poyeretsa utsi, ndiponso zilibe sefa ya mwaye yotchedwa DPF, imene imatsekeka galimoto ikamangoyenda maulendo afupiafupi injini isanatenthe mokwanira.

Dizilo nayo ili ndi zake zimene petulo sangafikeko. Injini ya Ford ya malita 7.3 inatuluka ndi horsepower 430 ndi mphamvu yopotokola, imene amakaniko amati torque, yokwana 475 lb-ft (lb-ft ndi muyeso wa torque). Ya General Motors ili ndi 401 ndi 464, ndipo ya Ram ili ndi pafupifupi 410 ndi 429. Koma injini ya dizilo ya Ford yotchedwa Power Stroke ya malita 6.7, mtundu wake wamphamvu kwambiri wa 2023, imafika 1,200 lb-ft, ndipo ya dizilo ya Cummins ya mu Ram inadutsa kale 1,000. Kusiyana kwina kofunika n'kwakuti dizilo imapereka mphamvu imeneyi injini ikuzungulira pang'onopang'ono, pansi pa maulendo 2,000 pa mphindi, pamene ya petulo imafika pachimake cha torque ikamazungulira pafupifupi maulendo 4,000. Dizilo imamwanso mafuta ochepa ikamakoka, ndipo ili ndi buleki ya mu ekizosi, imene imachititsa injini kugwira galimoto ndipo imathandiza kwambiri pa mtsetse.

Ganiziraninso kumene mudzayende. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu yake pa mamita 300 alionse amene mwakwera pamwamba pa nyanja, chifukwa mpweya umapyapyala. Pa phiri lokwera mamita 3,000, monga misewu ina ya ku Colorado, ndiye kuti yataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Injini ya turbo imataya pang'ono chabe popeza imakankhira mpweya m'kati mokakamiza.

Maganizo anga ndi awa. Ngati mumakoka ngolo ya matani anayi, asanu kapena asanu ndi limodzi kangapo pamwezi, ndipo masiku ena onse galimotoyo imayenda maulendo afupi kapena imanyamula katundu m'bodi, petulo ndi amene akukuyenerani, ndipo ndalama zotsalazo muziike pa matayala abwino ndi chokolekera cholimba. Ngati mumakoka tsiku ndi tsiku, mitunda italiitali, katundu wokhudza malire a galimoto, kapena m'mapiri aatali, gulani dizilo ndipo musadandaule.

Musaiwale difu

Mukasankha petulo, funsani za magiya a mu difu musanasaine kalikonse. Nambala yake imanena maulendo amene shafiti imazungulira kuti tayala lizungulire kamodzi. Nambala ikakula, galimoto imanyamuka mosavuta ndi katundu wolemera ndipo siisakasaka magiya pa chikweza, ngakhale kuti imamwa petulo wochulukirapo pang'ono ikamayenda yopanda kanthu. Ford imapereka 4.30 pa injini ya malita 7.3, ndipo Ram imapereka 4.10 pa HEMI, pambali pa manambala otsikirapo monga 3.73. Kusiyana kumeneku kumasintha malire a kukoka ndi makilogalamu mazanamazana, ndipo kusintha difu galimoto itagulidwa kale ndi ntchito yodula, makamaka ngati imakoka ndi matayala onse anayi, pakuti mumayenera kusintha yakutsogolo ndi yakumbuyo yomwe. Wogula petulo kuti azikoka ngolo atenge nambala yaikulu.

Ipatseni nthawi galimoto yatsopano

Musakoleke ngolo tsiku limene mwatenga galimoto. Magiya a mu difu, mabuleki ndi zitsulo za mu injini zimafuna kuzolowerana kaye. Ford imalangiza kuyenda makilomita 1,600 musanayambe kukoka. General Motors imati makilomita 800, ndipo imawonjezera kuti pa makilomita 800 oyamba okoka ngolo musapitirire liwiro la makilomita 80 pa ola ndipo musanyamuke mwaponda moto wonse. Tsatirani zimene buku la galimoto yanu likunena.

Kolekani ngolo mwadongosolo limodzi nthawi zonse

Imikani galimoto ndi ngolo pamalo osatsetsereka, ndipo muike zopinga pa matayala a ngolo. Onani kuti mpira wachitsulo wa chokolekera ndi wofanana kukula ndi kamwa la ngolo. Ngolo zolemera zambiri zimagwiritsa ntchito mpira wa mainchesi 2 5/16, ndipo kamwa lotere likhoza kukhala pa mpira wa mainchesi 2 n'kuoneka ngati lagwira, koma lidzavuka pa bampu yoyamba. Onaninso manambala osindikizidwa pa mpira, pa chitsulo chonyamula mpirawo ndi pa chokolekera cha galimoto, chifukwa chofooka kwambiri mwa zitatuzi ndi chimene chimaika malire a zonse.

Tsitsirani kamwa pa mpira, tsekani loko wake ndi kulowetsa pini. Kenaka pukusani jeke wa ngolo ngati mukufuna kuikweza: ikakhala kuti yagwiradi, mudzaona kumbuyo kwa galimoto kukunyamuka pamodzi nayo. Kolekani matcheni awiri mopingasa pansi pa chokolekera, kuti ngati ngolo itavuka mutu wake ugwere pa matcheniwo m'malo molima msewu. Asakhale okoka kwambiri moti n'kulepheretsa kukhota, komanso asakhwekhwereze pansi. Kawaya kakang'ono kamene kamamanga mabuleki a ngolo ikaduka kakolekedwe pa galimoto penipeni, osati pa tcheni kapena pa mpira. Lowetsani pulagi ya magetsi a ngolo, ya mapini 7, ndipo wina aime kumbuyo kuti akuuzeni ngati nyale za mabuleki, zokhotera ndi zausiku zikuyaka. Pa ngolo ya fifth wheel, suzumirani ndi tochi kuti muone ndi maso anu kuti nsagwada zachitsulo za chokolekera cha m'bodi zatsekera pini yaikulu ya ngolo, ndipo mukoke pang'ono mabuleki a ngolo ali omanga, miyendo yake itangonyamuka pang'ono kuchoka pansi.

Mukamaliza, imani patali ndi kuyang'ana zonse kuchokera m'mbali. Ngolo iyenera kukhala yowongoka, yosaweramira kutsogolo kwambiri kapena kumbuyo. Ngati kumbuyo kwa galimoto kwatitimira ndipo mphuno yaloza kumwamba, matayala akutsogolo apepukidwa, ndipo chiwongolero ndi mabuleki sizigwira bwino. Chokolekera chokhala ndi mipiringidzo yogawa kulemera chimabwezeretsa gawo la katunduyo kutsogolo. Yezani kutalika kuchokera pansi kufika pa mlomo wa chitsulo chophimba tayala lakutsogolo, musanakoleke ndi mutakoleka, ndipo mumange mipiringidzo molingana ndi zimene buku la galimoto likunena. Popani matayala akadali ozizira kufika pa mlingo wolembedwa pachitseko. Matayala akumbuyo a magalimoto amenewa kawirikawiri amafuna mpweya wambiri, mpaka 80 psi.

Konzani mabuleki a ngolo, kenaka bwererani ku sikelo

Mapikapu aakulu atsopano ambiri amabwera ndi kachipangizo pa dashibodi kolamulira mabuleki amagetsi a ngolo. Pitani pa msewu wowongoka, wouma, wopanda magalimoto, yendani pa liwiro la makilomita 30 mpaka 40 pa ola, ndipo mufinye kachipangizoko ndi dzanja mpaka kumapeto osaponda buleki ya phazi. Matayala a ngolo akakwakwalala, tsitsani nambala ya mphamvu ya mabuleki pa kachipangizoko. Mukangomva kukoka kofooka, ikwezeni. Mukufuna malo amene ngolo ikugwira mwamphamvu koma matayala akuzungulirabe. Bwerezani zimenezi nthawi iliyonse katundu akasintha, pakuti nambala yoyenera ngolo yodzaza imakwakwalalitsa ngolo yopanda kanthu.

Tsopano pitani ku sikelo zonse zili zopakira, anthu ali m'kati, thanki ili yodzaza. Sikelo za m'malo oimapo malole zimakupatsani manambala atatu: matayala akutsogolo, matayala akumbuyo ndi matayala a ngolo. Yerekezani yoyamba ndi yachiwiri ndi GAWR, ziwirizo pamodzi ndi GVWR, ndipo zitatu zonse ndi GCWR. Mukafuna kudziwa katundu wotsamira pa chokolekera, masulani ngolo, yezaninso galimoto payokha, ndi kuchotsera. Akakhala wosakwana 10 peresenti, sunthirani katundu wina kutsogolo kwa matayala a ngolo, chifukwa ngolo yolemera kumbuyo ndi imene imagwedezeka pamsewu.

Lolani injini ilire

Dinani batani la Tow/Haul musananyamuke. Limachititsa giyabokosi kukhalitsa m'giya iliyonse isanakwere, kutsika msanga mukaponda buleki, ndi kuchepetsa kutentha kwa oyilo wake. Magiyabokosi a magalimotowa tsopano ali ndi magiya ambiri, 10 mu Ford, 8 mu Ram kuyambira 2019, ndi 10 mu General Motors kuyambira 2024, ndipo kuchuluka kumeneku ndi kumene kwathandiza kwambiri injini za petulo, popeza nthawi zonse pamapezeka giya yoisunga injini pamene ili ndi mphamvu.

Pa chikweza, giyabokosi idzatsika magiya awiri, atatu kapena anayi, singano idzakwera kufika 4,000 mwinanso 5,000, ndipo phokoso lidzadzaza m'galimoto. Woyendetsa amene anazolowera dizilo amachita mantha panthawi imeneyi n'kuchotsa phazi pa moto, kapena kukakamiza giya yapamwamba, poganiza kuti akuipulumutsa injini. Kumeneko ndiye kuizunza. Injini ya petulo inapangidwa kuti izigwira ntchito pamenepo, ndipo ikamazungulira mofulumira pampu yamadzi ndi ya oyilo nazonso zimathamanga, motero imadziziziritsa bwino. Chimene muyenera kuyang'anitsitsa si phokoso koma mageji a kutentha kwa madzi ndi kwa oyilo wa giyabokosi. Akayamba kukwera mosalekeza, chepetsani liwiro, zimitsani choziziritsa mpweya, ndipo zikapitirira imani pamalo otetezeka injini ikulirabe kuti madzi apitirize kuzungulira. Ngati giyabokosi ikungosinthasintha pakati pa magiya awiri pa msewu wa zitunda zing'onozing'ono, tsekani magiya apamwamba ndi mabatani a pa ndodo ya giya kuti ikhazikike.

Mtsetse ndi umene umafuna ulemu waukulu, chifukwa petulo alibe buleki ya mu ekizosi. Chepetsani liwiro ndi kutsitsa giya mukadali pamwamba pa phiri, musanayambe kutsika. Injini idzagwira galimoto mwa kukana kukoka mpweya, ndipo imagwira kwambiri ikamazungulira mofulumira, choncho musadabwe kuona singano pa 4,000 phazi lili kutali ndi moto. Liwiro likakwera kupitirira limene mwasankha, pondani buleki mwamphamvu ndithu kwa masekondi angapo mpaka litsike ndi makilomita pafupifupi 10 pa ola, kenaka chotsani phazi kuti mabuleki apume. Kugoneka phazi pa buleki mtsetse wonse kumawatenthetsa mpaka amasiya kugwira. Mukamva fungo la mabuleki opserera, imani pamalo oyamba otetezeka ndi kudikira kuti azizire.

Ngolo ikayamba kugwedezeka uku ndi uku, kaya chifukwa cha mphepo kapena lole yodutsa, gwirani chiwongolero chilunjike kutsogolo, chotsani phazi pa moto pang'onopang'ono, ndipo mufinye ndi dzanja kachipangizo ka mabuleki a ngolo kaja. Ngolo ikagwira yokha imadzikoka n'kuwongoka. Musayese kulimbana nayo ndi chiwongolero, ndipo musaponde buleki ya phazi mwadzidzidzi. Zikadekha, imani ndi kuonanso mmene katundu wakhalira.

Konzekerani za mafuta musananyamuke. Galimoto ya petulo yokoka ngolo yaitali msinkhu imamwa kwambiri, ndipo mphepo ndi imene imadya mafuta kuposa kulemera, moti kutsitsa liwiro kuchoka pa makilomita 110 kufika pa 95 pa ola kumaoneka pa geji. Onanitu pamapu malo omwetsera amene galimoto ndi ngolo zingalowe ndi kutuluka popanda kubwerera m'mbuyo, chifukwa mapampu otakasuka a malole kawirikawiri amakhala a dizilo okha, ndipo a petulo amakhala opanikizika. Yambani kusaka pomwetsera thanki ikangofika theka.

Mukabwerako

Kukoka ngolo kawirikawiri kumaika galimoto m'gulu limene mabuku a magalimoto amalitcha ntchito yolemetsa, ndipo ndandanda yake yosinthira oyilo wa injini, wa giyabokosi ndi wa mu difu ndi yofupikirapo kuposa ya masiku onse. Tsatirani imeneyo. Onani mlingo wa oyilo pa ulendo wautali nthawi iliyonse mukamamwetsa petulo, popeza injini yozungulira mofulumira kwa maola ambiri ikhoza kudyako pang'ono. Chotsani tizilombo ndi zinyalala kutsogolo kwa rediyeta, yang'anani mapadi a mabuleki, ndipo mumangenso manati a matayala a ngolo ndi sipanala yoyeza mphamvu, makamaka ngati tayala linachotsedwa posachedwa. Pakani girisi pa mpira wa chokolekera, ndipo muvindikire pulagi ya mapini 7 kuti madzi asalowemo ngolo ikamadikira ulendo wina.